Momwe Mungatsatire Njira ya Kachilombo ka Mliri Poyang'ana Maulendo a Anthu

Pa 2 Epulo 2020 boma la Malawi linalengeza kuti anthu atatu a mumzinda wa Lilongwe apezeka ndi matenda a COVID-19. Woyamba anali mayi amene anali atangobwera kumene kuchokera ku India, wachiwiri anali wachibale wake, ndipo wachitatu anali wantchito wa pakhomo pawo. Masabata awiri m'mbuyomo, pa 18 Malichi, dziko la Zambia linali litapeza matendawa mwa bambo ndi mayi a banja limodzi amene anachokera ku France, pamene ku South Africa munthu woyamba, yemwe anapezeka pa 5 Malichi, anali atachokera ku Italy. Mliriwu unabukira mumzinda wa Wuhan ku China, koma mwa anthu onsewa panalibe ndi mmodzi yemwe wochokera ku China. Amene akufuna kudziwa kumene kachilombo kalowere mawa ayenera kuyang'ana kumene anthu akulowera lero, chifukwa dzina la mzinda umene matenda anatchukira dzana limakhala litatha kale ntchito.

Malangizo ali m'munsiwa ndawalembera mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi, mkulu wa mpingo, nyakwawa, mtolankhani ndiponso kholo lililonse limene mwana wake amakhalira pamsewu. Sipafunika labotale kuti muwatsatire. Pamafunika pepala, cholembera, kalendala ndi kudekha pomva nkhani. Zitsanzo zambiri ndazitenga ku COVID-19 chifukwa ndi mliri umene tonse tinauona ndi maso athu, koma kaganizidwe kake n'komweko pa kachilombo kalikonse kamene kamayenda mumpweya umene timapuma.

Jambulani mapu a maulendo a kwanu

Yambani ndi kuika pambali mapu a kusukulu, amene amayeza mtunda ndi makilomita. Kwa kachilombo, malo awiri ndi oyandikana ngati pakati pawo pamadutsa anthu ambiri sabata iliyonse. Tikayeza motero, mudzi wa ku Mzimba kapena ku Mangochi umene anyamata ake ambiri ali ku Joni uli pafupi ndi Johannesburg kuposa momwe ulili ndi mudzi wa kuseri kwa phiri umene sakwatirana nawo ndiponso sagulitsana nawo malonda. N'chifukwa chake munthu woyamba kupezeka ndi COVID-19 kunja kwa China anapezeka ku Thailand pa 13 Januwale 2020, pakuti kumeneko ndi kumene ndege zambiri zochokera ku Wuhan zinkatera. Pamene boma la China linkatseka Wuhan pa 23 Januwale, kutangotsala masiku awiri kuti chikondwerero cha chaka chatsopano cha Atchaina chifike, anthu pafupifupi mamiliyoni 5 anali atatuluka kale, monga ananenera meya wa mzindawo patapita masiku ochepa.

Liwiro la mliri limatengera chokwera cha nthawi yake. Chimfine cha mu 1918 chinafika ku Cape Town mu Seputembala chaka chimenecho pa sitima zapamadzi zimene zinanyamula amuna obwerera kuchokera kuntchito ya nkhondo ku Ulaya, zitaima kaye ku Freetown kumene matendawa anali atavuta kale. Amunawo atatsika anakwera sitima zapamtunda kupita kwawo, ndipo pofika Okutobala njanji inali itafikitsa maliro kumigodi ndi kumidzi ya kutali. Mu Febuluwale 2003 dokotala mmodzi wodwala matenda a m'mapapo otchedwa SARS anagona mu hotela ya Metropole ku Hong Kong, ndipo alendo anzake a mu hotelayo anatenga matendawo n'kukawatula ku Toronto, ku Singapore ndi ku Hanoi m'masiku ochepa chabe. Pofika chaka cha 2019 makampani a ndege ankanyamula anthu pafupifupi mabiliyoni 4.5 pachaka, ndiye kuti ulendo umene mu 1918 unkatenga masabata tsopano unkatha munthu asanayambe n'kutsokomola komwe.

Tsono tengani pepala, mulembe dzina la dera lanu pakati, kenako mujambule mzere wopita kumalo alionse kumene anthu a kwanu amapita kapena kuchokera, ndipo mzerewo ukule molingana ndi kuchuluka kwa oyendapo. Musayambe ndi bwalo la ndege, chifukwa ambirife sitikwera ndege. Yambani ndi mabasi a ku Joni olowera pa Mwanza ndi pa Dedza, amalonda opita ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, oyenda pakati pa Mchinji ndi Chipata, madalaivala a mathiraki ndi malo amene amagona, asodzi osamukasamuka m'mbali mwa nyanja, ophunzira a sukulu zogonera konko, ndiponso tsiku la msika. Musaiwale tinjira ta m'malire timene sitidutsa pachipata cha boma. Pa Lizulu, mwachitsanzo, msewu waukulu ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo wogulitsa mbatata ndi kabichi amaoloka malirewo kangapo patsiku popanda wom'funsa chiphaso. Pambali pa mzere uliwonse lembani miyezi imene mzerewo umadzadza, monga Disembala, nthawi ya Pasaka, nyengo yogulitsa fodya ndi masiku otsekera sukulu. Pepala limeneli ndilo mudzalitulutse tsiku limene wailesi idzalengeze za matenda atsopano kwinakwake, ndipo funso lanu loyamba lidzakhale lakuti: kodi malo atchulidwawo akukhudza mzere uti pamapu anga, kaya mwachindunji kapena kudzera mumzinda wina wa pakati?

Werengani masiku

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera, choncho tiyeni tipite pang'onopang'ono. Kachilombo kakalowa m'thupi sikaonetsa zizindikiro nthawi yomweyo. Mtundu woyamba wa kachilombo ka COVID-19 unkabisala masiku pafupifupi asanu, mtundu wa Omicron masiku pafupifupi atatu, ndipo m'mitundu yonseyi munthu ankatha kupatsira anzake tsiku limodzi kapena awiri iye asanamve kalikonse m'thupi. Ena sankadwala n'komwe koma ankafalitsabe. Kumeneku ndiko kunali kusiyana kwakukulu ndi SARS ya mu 2003, imene inkafala kwambiri munthu atadwala kale n'kugona, ndipo n'chifukwa chake inatheka kuitsekereza itagwira anthu pafupifupi 8,000 okha.

Tiyerekeze mnyamata wogwira ntchito ku Johannesburg amene watenga kachilombo Lachitatu usiku, anzake a m'chipinda chimodzi akumutsanzika. Lachisanu wakwera basi ali bwinobwino, katundu wadzadza m'ngolo ya kumbuyo, ndipo usiku pa Beitbridge mawindo onse atsekedwa chifukwa cha kuzizira. Basi yadutsa Harare, yaoloka pa Nyamapanda, yadutsa pa mlatho wa Zambezi ku Tete, ndipo Lamlungu m'mawa yafika pa Mwanza. Wa zaumoyo wamuloza pamphumi ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi kaja, kachipangizoko kaonetsa kuti ali bwino, ndipo sikananame, popeza thupi silinayambe kutentha. Komabe kuyambira dzulo lake mnyamatayu wakhala akupumira tizilombo pa anzake a mipando yoyandikana. Lolemba ali kumudzi, azakhali ndi amalume akubwera kudzamulonjera, akhala m'nyumba mpaka usiku akumva za ku Joni. Lachiwiri kukhosi kwayamba kukanda, iye akuti ndi fumbi la pamsewu. Lachinayi thupi latentha, wamwa panado, ndipo wapita kukayezetsa malungo koma sanawapeze. Sabata yotsatira agogo ake ayamba chifuwa, patatha masiku ena asanu ndi awiri akubanika, ndipo ndi pamenepo pamene akuthamangira nawo kuchipatala. Dzina la agogowo likamalowa m'ziwerengero za boma, papita masabata oposa atatu kuchokera Lachitatu lija.

Phunziro la nkhaniyi muligwiritse ntchito motere. Chiwerengero cha opezeka ndi matenda chimene mwamva lero chikukuuzani za amene anatenga kachilombo sabata imodzi kapena awiri apitawo, ndipo chiwerengero cha omwalira chikukuuzani za masabata atatu kapena anayi apitawo. Choncho mukaona ulendo waukulu wa anthu, ikani chizindikiro pa kalendala patsogolo pake ndi masabata awiri, ndi china patsogolo ndi masabata anayi. Zimene zinachitika ku Malawi zikugwirizana ndi kuwerengetsa kumeneku. Pa 18 Disembala 2020 dziko la South Africa linalengeza kuti lapeza mtundu watsopano wa kachilombo, umene pambuyo pake unatchedwa Beta, ndipo inali nthawi yomweyo imene mabasi a Khirisimasi amadzadza. Pa 12 Januwale 2021, patangotha masiku 25, nduna ziwiri za boma, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pangozi.

Posankha ziwerengero zoti muzikhulupirira, musadalire kwambiri chiwerengero cha opezeka ndi matenda, chifukwa chimakwera ndi kutsika malinga ndi kuchuluka kwa zipangizo zoyezera. Funsani kuti mwa anthu 100 alionse amene ayezedwa, ndi angati apezeka nako, ndipo funsaninso ngati mabedi ndi mpweya wa okosijeni m'zipatala zikukwanira. Magazi a anthu opereka magazi ku Malawi atapimidwa, zinaoneka kuti pofika pakati pa chaka cha 2021 oposa theka la iwo anali atakumanapo kale ndi kachilomboka, pamene ziwerengero zolengezedwa zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimenezo. Yang'aniraninso masiku amene chiwerengero chikutenga kuti chiwirikize kawiri. Ngati chikuwirikiza masiku atatu alionse, munthu mmodzi amasanduka anthu 1,024 pamasiku 30, ndipo masabata awiri oyambirira amaoneka ngati palibe chikuchitika.

Si ulendo uliwonse umene uli ndi ngozi yofanana. Kafukufuku wa m'mayiko angapo anasonyeza kuti odwala COVID-19 ambiri sankapatsira aliyense kapena ankapatsira munthu mmodzi yekha, pamene kagulu kochepa, mwina anthu 10 mpaka 20 mwa 100 alionse, ndiko kankayambitsa matenda ambiri. Chimene chinkasiyanitsa anthuwa si khalidwe lawo ayi, koma malo amene anapezeka pa tsiku limene tizilombo tinachuluka m'thupi mwawo: chipinda chotseka, anthu othithikana, kuimba kapena kukweza mawu, ndi kukhalitsa. Sitima yapamadzi ya Diamond Princess, imene inaimitsidwa padoko la Yokohama ku Japan mu Febuluwale 2020, inali ndi anthu 3,711, ndipo oposa 700 anatenga matendawa. Pamapu anu aja, tsono, zungulizani malo amene apaulendo amaunjikana m'nyumba: chipinda chodindira ziphaso, malo ogona alendo, minibasi yotseka mawindo, ndiponso nyumba ya siwa, mmene amayi amachezera usiku wonse akuimba mothithikana pamodzi ndi achibale amene afika kumene kuchokera kutauni ndi kunja. Kunena zoona, pamaliro athu amene ali panja pamoto amakhala otetezeka kuposa amene ali m'nyumba, ndipo kawirikawiri m'nyumbamo ndi mmene mumakhala agogo.

Malamulo a maulendo akasintha, yang'anani kumene anthu athamangira

Boma likalengeza kuti litseka mizinda kapena malire, maulendo saleka nthawi yomweyo. Amayamba achuluka kaye, ndiponso amatembenuka. Ku Italy, nkhani yoti chigawo cha Lombardy chitsekedwa itatuluka msanga usiku wa pa 7 Malichi 2020, anthu anakhamukira kumasiteshoni a sitima ku Milan kuthawira kwawo kummwera. Ku India m'bindikiro unalengezedwa pa 24 Malichi kutangotsala maola anayi kuti uyambe, ndipo aganyu a m'mizinda anayamba ulendo wobwerera kumidzi kwawo, ambiri wapansi. Ku South Africa m'bindikiro unayamba pa 27 Malichi, ntchito zinatha, ndipo mu Meyi Amalawi ambiri anayamba kubwerera pamabasi. Chakumapeto kwa mweziwo anthu oposa 400 amene anasungidwa pa bwalo la masewero la Kamuzu ku Blantyre anachokapo asanamve zotsatira za kuyezedwa kwawo, akudandaula za chakudya, madzi ndi zimbudzi. Ine sindiona chifukwa chowanenera zoipa anthu amenewa. Amene mwamusunga popanda chakudya adzachoka ndithu, ndipo amene akukonza malo osungirako apaulendo ayenera kuyamba ndi nkhani ya nsima, madzi ndi zofunda asanaganize za mpanda.

Kodi nanga kutseka malire kumathandiza? Werengetsani nokha. Ngati mliri ukuwirikiza kawiri masiku atatu alionse kumene ukuchokera, ndipo inu mwachepetsa apaulendo kuti mwa khumi alionse azidutsa mmodzi yekha, mwangopeza masiku pafupifupi khumi, chifukwa pamasiku khumi odwala kumeneko adzakhala atachuluka kakhumi. Akatswiri atawerengetsa za kutsekedwa kwa Wuhan anapeza kuti kunachedwetsa kufala kwa matendawa m'kati mwa China ndi masiku atatu mpaka asanu okha, ngakhale kuti kunachepetsa kwambiri odwala opita kunja m'masabata oyambirira. Masiku amenewa ndi a mtengo wapatali ngati agwiritsidwa ntchito kukonza zipatala ndi zipangizo zoyezera, koma ngati boma langotseka n'kukhala pansi, apita pachabe. Kumene kutseka kunagwiradi ntchito ndi kuzilumba zimene zinatseka matenda asanalowe. Mu Novembala 1918 sitima yotchedwa Talune inafika ku Apia ku Western Samoa ndi odwala chimfine, ndipo munthu mmodzi mwa asanu alionse a kumeneko anamwalira, pamene chilumba choyandikana nacho cha American Samoa, chimene chinakaniza sitima kukocheza, sichinataye munthu ndi mmodzi yemwe. Dziko ngati Malawi, lopanda nyanja yamchere, limene mafuta, feteleza ndi mankhwala ake zimabwera pamsewu, silingachite chimodzimodzi. Ndipo kachilombo kakakhala kuti kafala kale m'dziko, odwala khumi olowera pachipata sasintha kanthu pakati pa anthu masauzande amene akupatsirana m'kati.

Komabe pali umboni wodabwitsa wa mphamvu ya maulendo. Mu 2020 oyenda pa ndege anachepa ndi 60 pa 100 alionse, ndipo pamodzi ndi mamasiki ndi kutsekedwa kwa sukulu, zimenezi zinachititsa kuti chimfine cha chaka ndi chaka chizilale pafupifupi padziko lonse. Mtundu wina wa kachilombo ka chimfine, wotchedwa B/Yamagata, sunapezekenso motsimikizika kuchokera mu Malichi 2020, moti mu 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti uchotsedwe m'katemera wa chimfine.

Mmene mungamvere nkhani ya mtundu watsopano

Kachilombo kamasintha chifukwa cha zolakwika za pokopera. Taganizirani kalasi mmene mphunzitsi walemba pa bolodi n'kufufuta, ndipo amene anajomba akukopera m'kope la mnzake, winanso n'kukopera m'kope la ameneyo. Wina akalemba chilembo molakwa, onse okopera kwa iye adzalemba cholakwika chomwecho, ndipo mphunzitsi wochenjera akatolera makope onse angathe kudziwa amene anakopera kwa yani. Malangizo a chibadwa cha kachilombo ka COVID-19 ali ndi zilembo pafupifupi 30,000, ndipo m'chaka choyamba zinkasintha pafupifupi ziwiri pamwezi. Zosintha zambiri sizipindulitsa kachilombo ndiponso sizikapweteka, koma zimathandiza akatswiri kulondola mapazi ake. Powerenga zilembo zimenezi anapeza kuti m'miyezi yoyambirira ya 2020 kachilomboka kanalowa mu Britain maulendo oposa 1,000, makamaka kuchokera ku Spain, France ndi Italy, ndipo kochokera ku China mwachindunji kanali kochepa zedi. Nkhani yofunafuna munthu mmodzi amene anabweretsa matenda m'dziko, tsono, ndi yongotayitsa nthawi, ndipo imangodzetsa chidani.

Mukamva kuti mtundu watsopano ukuchuluka, dziwani kuti pali zifukwa zitatu zimene zingauchulukitse, ndipo ntchito yanu ndi kuzisiyanitsa. Chifukwa choyamba ndi mwayi chabe wa ulendo. M'nyengo yotentha ya ku Ulaya mu 2020 mtundu wina unabuka pakati pa aganyu a m'minda ku Spain, malire atatsegulidwa alendo okacheza kumeneko anabwerera nawo kwawo, ndipo pofika kumapeto kwa chaka unali wofala m'mayiko angapo. Atauunika bwino anapeza kuti sunali wamphamvu kuposa inzake. Unangokwera matola. Chifukwa chachiwiri ndi kufala msanga kwenikweni, monga zinalili ndi Alpha, umene unaonekera ku Kent ku England mu Seputembala 2020, ndi Delta, umene unavuta ku India mu Epulo ndi Meyi 2021 n'kudzayambitsa funde lachitatu kuno m'miyezi yozizira ya chaka chomwecho. Chifukwa chachitatu ndi kuzemba chitetezo cha m'thupi chimene anthu apeza podwala kapena pobayitsa katemera, ndipo apa ndi pamene Omicron inaposa mitundu yonse, pokhala ndi zosintha zoposa 30 pa timinga timene kachilombo kamagwirira maselo a munthu.

Njira yosiyanitsira ndi iyi. Musafulumire ndi zimene zaoneka mumzinda umodzi. Dikirani muone ngati mtunduwo ukulanda malo a mitundu ina m'mayiko angapo osadalirana pa maulendo, ndiponso ngati ukutero pa liwiro lofanana kulikonse. Ngati ukukwera kumalo amodzi okha kumene kunali msonkhano waukulu kapena nyengo ya alendo, n'kutheka kuti ndi ulendo chabe. Ngati ukugwira anthu ambiri amene anadwalapo kale, ndiye kuti ukuzemba chitetezo. Za kuopsa kwake sizidziwika msanga, chifukwa monga taonera, odwala kwambiri amaonekera patapita masabata, choncho aliyense wokuuzani pa sabata yoyamba kuti mtundu watsopano ndi wofatsa kapena ndi woopsa akungolota. Musakhulupirirenso mawu ofala akuti kachilombo kakamakalamba kamafatsa. Alpha ndi Delta zinali zoopsa kuposa mtundu woyamba. Kachilombo kamene kamafala munthu asanadwale sikataya kanthu ngakhale munthuyo atadzamwalira patsogolo. Chimene chinachepetsa imfa m'zaka zotsatira kwenikweni ndi chitetezo chimene anthu ambiri anali atapeza.

Chenjezo lalikulu ndi lakuti kumene mtundu wapezekera si kumene wabadwira. Umapezeka kumene kuli labotale yowerenga zilembo zija ndiponso akatswiri osabisa zimene aona. Omicron anaizindikira akatswiri a ku Botswana ndi ku South Africa, anadziwitsa bungwe la WHO pa 24 Novembala 2021, ndipo pa 26 Novembala inapatsidwa dzina. M'masiku ochepa dziko la America linaletsa apaulendo ochokera m'mayiko asanu ndi atatu a kummwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo Britain inaika Malawi, Zambia ndi Mozambique pamndandanda wa mayiko oletsedwa. Pasanathe sabata, dziko la Netherlands linapeza Omicron m'zoyeza zimene linatenga kwa odwala ake pa 19 ndi pa 23 Novembala, chiletso chisanakhazikitsidwe n'komwe. Britain inachotsa chiletsocho pa 15 Disembala itaona kuti mtunduwo wadzadza kale m'dziko mwake. Amene anali ndi matikiti obwera kumudzi pa Khirisimasi imeneyo akukumbukira zimene anataya, koma kutaya kwakukulu kunali kwakuti mayiko anaphunzira kuti wonena zoona msanga ndiye amalangidwa.

Nanga mitundu yosiyana kwambiri chotere imachokera kuti? Akatswiri ambiri amaganiza kuti ina imakulira m'thupi la munthu mmodzi wofooka chitetezo, monga wodwala khansa kapena amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, mmene kachilombo kangakhale miyezi yambiri kakusinthasintha. Kwa ife tanthauzo lake n'lomveka: kuonetsetsa kuti wachibale amene ali pa ma ARV sakudukiza mankhwala, makamaka akakhala paulendo kapena malire akatsekedwa, ndi mbali ya nkhondo yomweyi. Kachilombo kangathenso kulowa mu ziweto ndi nyama n'kusinthira mmenemo, monga zinachitikira ku Denmark mu Novembala 2020, kumene boma linalamula kuti nyama zoweta za ubweya zotchedwa mink, zokwana mamiliyoni ambiri, ziphedwe.

Pokonza ulendo ndi polandira mlendo

Zonsezi zikafika pakhomo panu zimasanduka zochita zochepa. Ngati muli ndi ulendo pa nthawi imene matenda akukwera, ndipo pali katemera, bayitsani kutatsala masabata awiri kapena kuposerapo, chifukwa thupi limafuna nthawi kuti limange chitetezo. M'masiku asanu omaliza musananyamuke pewani maphwando otsanzikana a m'nyumba. Mukayezetsa, kumbukirani kuti chikalata chonena kuti mulibe kachilombo chikunena za tsiku limene munayezedwa, ndipo sichidziwa za amene mwakhala naye pampando dzulo. M'basi sankhani mpando wa pawindo lotseguka, valani masiki yogwira bwino pamphuno makamaka usiku ndi pamizere ya pachipata, ndipo poima kuti mudye, dyerani panja. Tengani mankhwala anu a masiku onse ochulukirapo kuposa masiku a ulendo, popeza malire amatha kutsekedwa inu muli tsidya lina.

Polandira mlendo, mwambo wathu sulola kuti munthu wochokera kutali atsekeredwe m'chipinda ngati wakuba, ndipo malangizo amene sasamala za ulemu umenewu satsatiridwa. Chotheka ndi kusintha malo ndi dongosolo la malonje. Yalani mphasa pansi pa mtengo kapena pakhonde, mlendo agone m'chipinda chayekha ngati chilipo, ndipo ulendo wokaona agogo, odwala shuga, odwala matenda a mtima ndi amayi oyembekezera uchedwe ndi masiku asanu kapena asanu ndi awiri. Mlendoyo akamva kukhosi kukanda kapena thupi kutentha, apite kuchipatala ndipo anene yekha kumene wachokera ndi tsiku limene anafika, ngakhale asanafunsidwe, chifukwa kungoyezetsa malungo n'kubwerera kunyumba ndi kumene kunataya masiku m'nkhani ya mnyamata uja.

Pamaliro, pachinkhoswe kapena pamsonkhano wa mpingo, pemphani munthu mmodzi wodalirika kuti alembe m'kope mayina a amene achokera kutali, kumene achokera ndi nambala zawo za foni, monga momwe timalembera kale opereka chipepeso. Kope limenelo lisungidwe kwa mfumu kapena kwa mlangizi wa zaumoyo. Wina mwa opezekapo akadwala m'masabata awiri otsatira, onse olembedwamo aimbiridwe foni tsiku lomwelo, ndipo oyamba kuuzidwa akhale amene anagona m'nyumba ya siwa ndi amene anakwera galimoto imodzi ndi wodwalayo. Masabata atatu akadutsa popanda wodwala, tsekani tsamba limenelo, mubwerere ku mapu anu aja ndi kuona mzere umene ukuyembekezeka kudzadza mwezi wamawa.